Funsani Aphunzitsi: Chizungu cha mayeso chatiimika mitu

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, mayeso a chizungu. Ndasankha asanu, ena ndawadula pang'ono chifukwa ena mwa inu mukayamba kulemba mumachita ngati mukulemba wilo. Amene munafunsa za kalata yofunsira ntchito dikirani mwezi wamawa, sindinakuiwaleni.

Aphunzitsi, ine ndine namwino, ndagwira ntchito zaka 9 pachipatala china kuno. Ndikufuna kulembetsa ku bungwe la anamwino la ku UK lija la NMC. Mayeso a chizungu a IELTS ndalemba kawiri, Listening ndikupeza 7.5, Reading 7, Speaking 7 koma Writing yakakamira pa 6, ulendo woyamba 6 wachiwirinso 6 yomweyo pomwe iwo akufuna 6.5. Ndalama zomwe zapita musandifunse, ndinachita kukongola ku banki m'khonde. Buku la galamala ndamaliza lonse, zodzaza mipata zija ndimakhoza pafupifupi zonse. Nde vuto lili pati? Kapena ochongawo amangotipondereza ife akuno?
Namwino wotopa, Zomba

Achemwali pepani, ndalama ya banki m'khonde imawawa chifukwa azimayi aja tsiku lobweza saliiwala. Zokuponderezanizo tiziike kaye pambali, amene anakupatsani 7 pa Speaking anakuonani nkhope ndikumva mawu anu, nde wa Writing amene sanakuoneni nkomwe ndi amene angakudeni?

Vuto lanu ndaliona m'kalata yanu yomweyi pomwe mwati mumakhoza zodzaza mipata. IELTS ilibe pepala la galamala. Palibe pomwe adzakupatseni chiganizo chokhala ndi kampata kuti musankhe "has" kapena "have". Galamala amaifufuza mu zomwe mwalemba nokha kuchokera m'mutu mwanu wotchi ikuthamanga. Zodzaza mipata zili ngati munthu wakuphikirani kale nsima inu nkungoomola, pomwe mayesowa akufuna musonkhe moto nokha, mutereke madzi, muvundule mpaka ipse. Writing amaichonga pa zinthu zinayi ndipo chilichonse chimalemera mofanana: ngati mwayankhadi zomwe afunsa, ngati mfundo zanu zikutsatana bwino, mawu amene mwasankha, kenako galamala.

Kusiyana kwa 6 ndi 7 sichinsinsi, analemba poyera, pepala lake amalitcha band descriptors ndipo lili pa intaneti ulele, litsitseni mulimate pakhoma. Mwachidule, wa 6 amasakaniza ziganizo zazifupi ndi zazitali, uthenga umamveka koma zolakwa zimaoneka apa ndi apo. Wa 7 ziganizo zake zambiri zimatuluka zoyera, zopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Msampha uli pamenepo. Ka "the" kamodzi kosowa kamadetsa chiganizo chonse, nde mukhoza kulemba ziganizo 15 zanzeru zedi koma ngati chilichonse chili ndi kabanga kake, choyera palibe olo chimodzi.

Ndipo zolakwa zanu ndikhoza kuzitchula osaona pepala lanu. Ndachonga makope a ana olankhula Chichewa zaka zambiri, zolakwa zathu sizimangobwera mwachisawawa, ndi Chichewa chomwe chagona pansi pa chizungucho ndipo chimatulutsa phazi. Tiyeni ndikuonetseni.

Timati "wodwala amene ndinamuona dzulo". Mwamuona "mu" ali pakati pa mneniyo? Kwathu ndi wofunika. Pachizungu timamunyamula nkupita naye, nkulemba "the patient whom I saw him yesterday". "Him" ameneyo achoke, "whom" wagwira kale ntchito yake. Chimodzimodzi "anamwino ambiri akuchoka", ka "a" ka kumayambiriro kwa "akuchoka" timakasandutsa "they" nkulemba "many nurses they are leaving". Mwatchula kale anamwino, musawatchulenso kachiwiri.

Wina ndi ngakhale ndi koma. "Ngakhale malipiro ndi ochepa koma anthu akugwirabe ntchito", Chichewa chabwinobwino chimenecho palibe angatsutse. Pachizungu "although" ndi "but" sagona nyumba imodzi, sankhani mmodzi. Ichi chokha ndimachipeza pafupifupi mu nkhani iliyonse yomwe ndachonga, ndipo chimapweteka chifukwa chimagwera mu ziganizo zazitali zija zomwe munafuna kuonetsera luso.

Kenako "ku" wathu uja wa ndikudya, ndikupita. Nthawi zambiri amayenda bwino ndi "-ing". Koma ife timatinso ndikudziwa, ndikufuna, ndikukhulupirira, nde dzanja limangolemba lokha "I am knowing", "many people are believing that", "most families are having a radio". Aneni a zamumtima ndi zam'mutu ndi zokhala nacho chinthu, monga "know", "believe", "want", "need", "own", sakonda "-ing". Ndipo mu Task 2, gawo lachiwiri la Writing lomwe mumalemba nkhani yaitali, mumakamba zinthu zochitika masiku onse, kumeneko ndi kwa "ma" wa timadya, amapita, amakhulupirira, amene pachizungu ndi "they eat", "they go", "they believe" basi. Mukakayika dzifunseni m'Chichewa, apa ndinganene "ku" kapena "ma"? Theka la vutolo latha.

Nthawi zakale ndiye Chichewa chimatithandiza kwambiri bola kuchifunsa. Palibe munthu wamaganizo abwino anganene kuti "ndadya chaka chatha", timati ndinadya. "Ndadya" ndi "I have eaten", "ndinadya" ndi "I ate". Mukangotchula dzulo, chaka chatha, mu 2015, gwiritsani wa "na". Ndipo kalata yanu ija mwati mwagwira ntchito zaka 9, chizungu chake ndi "I have worked for 9 years", osati "I am working since 9 years" yomwe ndimaimva tsiku lililonse. "Since" ndi kuyambira, imafuna tsiku kapena chaka choyambira. "For" ndi kwa, imafuna kutalika kwa nthawiyo.

Malangizo, zipangizo, mauthenga, kwathu zonsezi nzochuluka ndipo nzoona kuti nzochuluka, koma azungu anakana kuziwerenga. "Advices", "equipments", "informations", "furnitures", "luggages", zonsezi kulibe. Musafunse chifukwa chake, ineyo ndinasiya kufunsa kalekale, ingolowezani kamndandanda kake, sikafika ngakhale mawu 30 omwe mungakumane nawo kawirikawiri.

Tsopano chilombo chenicheni, "a" ndi "the". Chichewa chilibe tinthu timeneti nde khutu lathu silimva kuti pasowa kanthu. Njira yomwe ndaona ikugwira ndi iyi. Dzina la chinthu chowerengeka, chimodzi, siliyenda lokha pachizungu, liyenera kukhala ndi womuperekeza kutsogolo, kaya "a" kaya "the" kaya "my" kaya "this". "Nurse must wash hands" ndi wamaliseche ameneyo, mvekeni "a". Kusankha pakati pa awiriwa ganizani za uja. "Kwabwera munthu" ndi "a man has come", simukumudziwa. "Munthu uja wabwera" ndi "the man has come", tonse tikudziwa amene tikunena. Pomwe mungaike uja, ija, lija, chija, ikani "the". Koma mukamakamba za chinthu chonse mwachisawawa, maphunziro, umphawi, ana onse apadziko, musaike kalikonse: "education is expensive", "children learn quickly". Ambiri akangouzidwa kuti mumaiwala "the" amayamba kumuwaza paliponse ngati mchere wa m'chiwaya, nazonso nzolakwa.

Chomaliza ndi ndiye. Ife tikamakamba nkhani timalumikiza ndi ndiye, kenako, basi, ndiye, mpaka mpweya kutha, ngati mmene ndikulembera inemu, ndipo pano palibe atichonge. Pamayeso chiganizo cha mizere isanu chongolumikizidwa ndi makoma ndi cholakwa. Ikani fulusitopu. Ziganizo ziwiri zoyera zimaposa chimodzi chachitali chopunduka.

Nde muchite chonchi. Buku lija litsekeni kaye, muzilitsegula pokhapokha mukufuna kutsimikiza lamulo limodzi. Kawiri pa sabata lembani Task 2 yeniyeni, mawu osachepera 250 mu mphindi 40, foni ili kutali. Musaiwerenge tsiku lomwelo, igone. Mawa lake muiwerenge mokweza mawu kangapo, ulendo uliwonse mukusaka nyama imodzi yokha: ulendo woyamba mayina amaliseche, wachiwiri "s" wa aneni, wachitatu nthawi, choncho. Mukasaka zonse pakamodzi simugwira kanthu. Gulani kakope kakang'ono, cholakwa chilichonse mulembe mmene munalembera ndi mmene chimayenera kukhalira. Pakatha masabata atatu mudzadabwa kuona kuti si zolakwa 100 ayi, ndi zinayi kapena zisanu zomwezomwezo zimangosintha malaya. Tsiku la mayeso siyani mphindi zitatu kapena zinayi kumapeto zosaka zisanu zanuzo. Ngati mungapeze mphunzitsi wa chizungu wa kusekondale woti azikuchongerani ngakhale imodzi pa sabata, mpatseni kenakake, nzotchipa kusiyana ndi kulembanso kachitatu.

Kumbukiraninso kuti Task 2 imalemera kawiri kuposa Task 1, gawo loyamba lomwe mumafotokoza galafu, nde musathere mphindi 30 pa galafu. Pa galafupo samalani "rose by 20" ndi "rose to 20", woyamba ndi kuchuluka kwa zomwe zawonjezekera, wachiwiri ndi pomwe zafika, inu a namwino mukudziwa kusiyana kwa kutentha thupi kukwera ndi 2 ndi kufika pa 39. Ndipo musaiwale kandime konena chithunzi chonse cha galafuyo mwachidule, ambiri amathamangira manambala nkusiya kameneka ndipo malikisi amathera pomwepo, galamala ili bwinobwino.

NMC imalandiranso mayeso a OET omwe ndi a anthu azachipatala okhaokha, amafuna B pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, C+ pa kulemba. Kumeneko mumalemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina kuchokera pa manotsi a m'fayilo, mphindi 45, ntchito yomwe mumaidziwa kale. Koma chenjerani, manotsi a m'fayilo amalembedwa modula opanda "a" ndi "the", inu ndi amene muyenera kuwabwezeretsa, nde chilombo chija mukachipezanso konko chikudikira. Zopempha kuti achongenso pepala la IELTS zilipo, mumapempha pasanathe masabata 6 chilembereni ndipo malikisi akakwera ndalama amabweza, koma munthu wopeza 6 kawiri ine ndingati ndalama imeneyo isungeni. Mpaka 2018 a NMC ankafuna 7 pa Writing, inu mwatsala ndi theka lokha la sitepe.

Madam, ine ndinalemba Fomu 4 chaka chatha, masamu ndi sayansi zinayenda koma English ndinapeza 7 nde sindingapite kuyunivesite. Ndikubwereza. Mafunso osankha A B C D aja amandisokoneza, mayankho onse amaoneka okhoza. Ndipange bwanji?
Mnyamata wa ku Kasungu

Mwana wanga, iwe nkhani yako ndi yosiyana ndi ya a namwino pamwambapa, mpaka manambala ake ngotembenuka, kwa iwo 9 ndiye pamwamba pomwe kwa iwe ku MSCE 9 ndi kugwa, 1 ndiye mfumu. Ukufuna kuchoka pa 7 kufika pa 6 kapena kutsika apo kuti ikhale kirediti. Ndipo kwa iwe zodzaza mipata zimagwiradi ntchito chifukwa a MANEB amafunsa zimenezo.

Koma pali kachitidwe kake. Ana ambiri amatenga mapepala a zaka zam'mbuyo, kuchonga, kuona kuti apeza 18, kudandaula pang'ono nkutenga pepala lina. Palibe chomwe waphunzira pamenepo, wangodziyeza kulemera ngati thumba la fodya. Funso lililonse, ngakhale lomwe wakhoza, unene chifukwa chake mayankho atatu enawo ali olakwa. Ukalephera kunena ndiye kuti unangolota. Mafunso 10 ochita chonchi amaposa 100 othamanga.

Ukayala mapepala a zaka zingapo pamphasa uona kuti mitu yake imabwerabwera. Tenga ya "if". Chichewa chako chikuuza kale: "ndikapeza ndalama ndigula njinga" ndi "if I get money, I will buy a bicycle", ndipo "will" salowa mbali ya "if", kumbuka zimenezo. "Ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula njinga" apa ndi pomwe amakugwirira, chifukwa ife tili ndi kanenedwe kamodzi pomwe iwo ali ndi tiwiri. Ngati ukunena za panopa ndi "if I had money, I would buy". Ngati ukunena za chaka chatha, mwayi unapita kale, ndi "if I had had money, I would have bought". Nde usanasankhe dzifunse, akudandaula za lero kapena za kale?

Timafunso ta kumapeto tija, ife tili ndi "eti" mmodzi amakwana paliponse, wabwera eti, sudya eti, nde timaganiza kuti "isn't it" ndi eti wachizungu. Ayi. Umatenga mneni wothandiza wa m'chiganizocho nkumutembenuza: "she has come, hasn't she", "you don't eat pork, do you". Masamu amenewo, ndipo wati masamu umakhoza.

Aperekezi ndiye alibe masamu. Ife ndi ku, pa, mu, ndi, kwa, tathana nazo, iwo ali nawo mulu. Usaloweze "on" payekha, loweza ndi mnzake yemwe amayenda naye: "depend on", "interested in", "married to", "good at", "accused of". Ndipo ena safuna mperekezi nkomwe, "discuss about" ndi "reach at" nzolakwa ngakhale uzimve kwa akuluakulu ovala mataye. "Borrow me your pen" nayonso isiye, kwathu kubwereka ndi kumodzi koma iwo wopereka amachita "lend" wolandira amachita "borrow".

Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsa kale, mwana akagwidwa akulankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo chokatchetcha. Ana anangosiya kulankhula basi, kalasi yonse zii, ndipo chizungu sichinakwere. Bola tikanawalola kuyika zilankhulo ziwirizi pambali ndi pambali nkuona pomwe zikusiyana ngati mmene tachitira apamu. Iwe uzichita zimenezo wekha. Komanso usaiwale kuti chimangirizo ndi note-making zili ndi malikisi ambiri, tsiku lililonse werenga nkhani imodzi ya mu The Nation kapena Daily Times, ngakhale yakale yokulungira zitumbuwa, uifupikitse mu ziganizo zisanu zako.

Aphunzitsi, ine ndili ku Joni chaka cha 6, ndimagwira mu lesitilanti nde chizungu ndimalankhula tsiku lonse ndi makasitomala. Ndikufuna kuyesa za ku Canada. Mnzanga wina amandiseka kuti ndimasakaniza he ndi she komanso l ndi r, akuti ndikalephera Speaking. Zoona? Ndiyambe kuyeserera kalankhulidwe ka azungu?
Bambo wa ana awiri, Johannesburg

Bambo, musayeserere za munthu, mungadzipweteke lilime. Speaking ndi mphindi 11 mpaka 14 zokha, kucheza ndi munthu mmodzi, magawo atatu. Safuna kuti mumveke ngati wobadwira ku London, akufuna akumveni mosavutika. Nde l ndi r mukonze pa mawu okhawo omwe tanthauzo limasintha, "light" ndi "right", "play" ndi "pray", "collect" ndi "correct". Kwinako musataye nako tulo. Chomwe ndingakuuzeni kuti musamale ndi ka "i" komwe timawonjezera kumapeto chifukwa mawu a Chichewa onse amathera ndi lembo la liwu, komanso kumeza mapeto a mawu. Mukameza "ed" wa "walked" kapena "s" wa "works", womvera amaona ngati galamala yalakwika pomwe ndi pakamwa chabe.

Za he ndi she mnzanuyo akunena zoona ngakhale akunena moseka. Kwathu iye ndi iye, mwamuna kapena mkazi, ndipo ine ndimati ife ndi amene tinaganiza bwino, koma mayeso si athu. Ndipo gawo lachiwiri limakonda zomwezo, amakupatsani kakhadi, mphindi imodzi yokonzekera, kenako mulankhule mpaka mphindi ziwiri, kawirikawiri za munthu wina, malo kapena chinthu chomwe chinakuchitikirani. Mukayamba ndi "my mother" nkupitiriza ndi "he", womvera amayamba kufunafuna kuti bambo ameneyu walowa liti m'nkhaniyi. Palinso ulemu wathu, "amayi abwera" nkukhala "my mother they have come". Pachizungu amayi ndi mmodzi basi, "she has", sikuwanyoza.

Mankhwala ake ali m'thumba mwanu. Madzulo aliwonse dzijambuleni mawu pafoni mphindi ziwiri, lero mukambe za akazi anu kapena achemwali anu okhaokha, mawa za achimwene anu okhaokha, mkuja muwasakanize m'nkhani imodzi. Mumvetsere. Kudzimva wekha kumachititsa manyazi koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukalakwitsa pamayeso nkudzikonza msanga, "he, sorry, she", palibe mlandu waukulu, bola osaima nkuyamba kupepesa ngati mwaswa mbale ya bwana.

Chizungu cha mu lesitilanti chili ndi vuto limodzi, chonse ndi cha panopa ndi ziganizo zazifupi, "are you ready to order", "it comes with chips". Nkhani ya zaka zisanu zapitazo simuikamba kuntchito, nde mukayamba ndi "I went" pofika chiganizo chachitatu mwabwerera ku "I go". Yesererani kukamba zakale mpaka kumapeto osaterereka. China, akakufunsani funso lokana ngati "don't you miss home?" musayankhe mwa kwathu. Ife "simunadye?" timati "eya" kutanthauza sindinadye. Iwo ngati sunadye ndi "no". Yankhani ndi chiganizo chonse, "yes, I do", zikhala zomveka.

Polembetsa samalani, zosamukira ku Canada amafuna IELTS ya General Training osati Academic, ndipo mu General Task 1 ndi kalata osati galafu. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri, nde musathamangire kulemba mapepala ena onse asanakhale pafupi.

Aphunzitsi, ndili ndi digiri ndipo ndikufuna masters ku UK, yunivesite ikufuna 6.5. Choyamba zikundinyansa, ndaphunzira m'chizungu kuyambira Sitandade 5 mpaka digiri nde ndikalembenso mayeso a chizungu? Chachiwiri pagulu lathu la WhatsApp anatumiza mawu akuluakulu 200 ndi ziganizo zoloweza zoyambira essay, akuti ukaika zimenezo 7 ndi yako. Komanso ndimaika essay yanga mu ChatGPT nkundikonzera. Ndili panjira?
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Kunyansidwako ndikukumvetsa mwana wanga, nanenso zimandinyansa. Boma la UK lili ndi mndandanda wa mayiko omwe limawatenga kuti anthu ake ambiri chizungu ndi chobadwa nacho, muli Jamaica, Australia, Barbados ndi ena, koma mulibe dziko la mu Africa olo limodzi. Komabe usanalipire lembera yunivesiteyo uwafunse, ena amalandira kalata yochokera kukoleji yako yotsimikiza kuti unaphunzira m'chizungu. Imelo ndi yaulele. Akakana, a British Council ndi amene amalembetsa IELTS kuno.

Mawu 200 ajawo, hmm. Ochonga amawerenga nkhani zambirimbiri ndipo ziganizo zoloweza amazidziwa ngati mmene iwe umadziwira nyimbo ya fuko. Choipa kwambiri nchoti chiganizo choloweza chimakhala chosalala bwino kenako chotsatira chako chenicheni chili ndi mabanga atatu, kusiyanako kumaonekera patali ngati chigamba chatsopano pa chitenje chakale. Ifenso tili ndi matenda okonda chizungu cholemera, kuyambira ku dibeti ya kusekondale, munthu amaombedwa m'manja chifukwa choti palibe wamva. Pa IELTS liwu lalikulu loikidwa polakwika limakudyera malikisi pomwe "important" wamba akanadutsa bwinobwino. "Moreover" ndi "furthermore" pa chiganizo chilichonse nazonso amaziona kuti nzokakamiza. Chomwe chimakweza galamala ndi kusinthasintha kamangidwe, apa chiganizo cha "which", apo cha "if", apo cha "although" wopanda "but", zonse zoyera.

ChatGPT ukamuuza kuti akukonzere amakubwezera nkhani yokongola yomwe si yako, iwe nkusangalala, osaphunzira kanthu, ndipo tsiku la mayeso sadzakhalapo. Muuze kuti asalembenso chilichonse, angokuonetsa ziganizo zomwe zili ndi vuto osakuuza yankho, ukonze wekha kenako umufunse ngati wakhoza. Malikisi omwe amakupatsa usawakhulupirire kwambiri, lero akupatsa 7 mawa nkhani yomweyo 6.

Ndipo poti wati uli ndi digiri ndikuchenjeze pomwe anthu ophunzira amagwera, Listening ndi Reading. Mafunso ndi 40 pa lililonse ndipo 7 imafuna pafupifupi 30. Yankho likakhala "books" iwe nkulemba "book" lapita, sipelo yolakwika lapita, akati mawu asapitirire awiri iwe nkulemba atatu lapita ngakhale unamva bwinobwino. Usanamve tepi yang'ana chiganizocho, ngati patsogolo pa mpata pali "a" ukudziwa kale kuti kukubwera dzina la chinthu chimodzi, ngati pali "many" konzekera "s".

Aphunzitsi, pa Facebook pali munthu akuti amatulutsa satifiketi ya IELTS ya 7.5 osalemba mayeso, akuti ali ndi munthu mkati, theka ulipire poyamba theka zikatuluka. Ndiyese?
Wofuna kudziwa, Mzuzu

Achimwene musayese. Satifiketi iliyonse ili ndi nambala yake ndipo mayunivesite, mabungwe a anamwino ndi a zolowa ndi kutuluka amailowetsa pa kompyuta nkuona zotsatira zenizeni pamodzi ndi chithunzi chomwe anakujambulani tsiku la mayeso. Pepala lopangidwa pa kona silipezeka mmenemo. Zikayenda bwino kwambiri munthuyo adya theka lanulo nkukublokani. Zikayenda moipa akupatsanidi pepalalo, inu nkulipereka ku viza ya UK, nkugwidwa kuti mwanama, kumeneko akhoza kukutsekerani chitseko mpaka zaka 10. Theka lomwe mumafuna kumupatsalo gulani bandulo ndi kakope kaja ndauza a namwino a ku Zomba, mukalemba Task 2 yanu yoyamba itumizeni kuno ndidzaichonga pa tsamba lino dzina lanu nditabisa.